A Makiyi ndi Benchi ya ku Msonkho

Mumsewu mwathu palibe amene amawatchula dzina lawo lenileni. Tonse timangoti a Makiyi, chifukwa ukamva kuti ngwelengwele pageti umadziwiratu kuti afika. Ntchito yawo ndi utelala. Ali ndi kachipinda kuseri kwa sitolo ya nsapato, muli makina akale opalasa ndi phazi komanso galasi lalitali long'aluka pakona. Amuna awo anamwalira kalekale, ndipo ana anakula n'kumwazikana.

Ine ndinawadziwa chifukwa cha nyumba imene ndimachita lendi. Mwini wake ndi mlongo wawo wamng'ono, amene iwo amangomuti Mzime. Iyeyo anapita kunja kukagwira ntchito m'chipatala, n'kukwatira komweko, nyumba n'kuisiya m'manja mwa achemwali ake. Denga likadontha ndi iwo, mpopi ukaphulika ndi iwo, nkhani ya msonkho ndi iwonso.

"Munthu amakwera ndege, nyumba sikwera," ankandiuza. "Boma likafuna zake limagogoda pomwe pali chitseko."

Msonkho wake unali wapawiri, wa malo ndi wa lendi imene ine ndimapereka. Kumene Mzime amakhalako nakonso ankafuna kuona risiti yodinda ya kuno, kuopa kuti angamudulenso kachiwiri pa lendi yomweyo. Choncho a Makiyi ankaiyala risiti ija pa makina, n'kuipsinja ndi sizasi, n'kuijambula pa foni. Chithunzi chilichonse chinkatuluka ndi chala chawo pakona.

"Achemwali," Mzime anadandaula tsiku lina pa foni, ine ndili pomwepo, "a msonkho kuno akuchidziwa chala chanu kuposa nkhope yanga."

"Uwauze kuti n'chomwecho chinakupukuta mamina," anamuyankha.

Tsiku lopita ku ofesi ya msonkho linali lalikulu kwa iwo. Ankatseka kachipinda kaja, kuvala suti yobiriwira yosoka okha, nsapato zopolishidwa mpaka kuwala. Ku ofesiko kuli benchi yayitali pakhonde, pansi pa fani imene imazungulira ikafuna. Anthu ambiri a pa benchi imeneyo sankalipirira nyumba zawo. Anali makolo, azakhali ndi alamu a anthu okhala kunja, aliyense atakumbatira envulopu ya mwini wake. Ankadziwana, kufunsana za nyamakazi, kuonetsana zithunzi za adzukulu ovala zijasi.

Pakati pawo panali bambo wina wamtali, wamasiye, amene anapuma pa ntchito yoyendetsa basi. Onse ankawati a Dalaivala. Iwo ankalipirira nyumba ya mwana wawo wamkazi. Chaka china anabwera ndi jekete long'ambika pathumba, ndipo a Makiyi anapirira kwa kanthawi, koma maso a telala alibe ulemu.

"Pepani bambo, vulani jeketelo. Likundipweteka m'maso."

Anatulutsa singano m'chikwama n'kulisoka pomwepo, mzere ukusuntha. Kuyambira pamenepo a Dalaivala ankalawirira n'kuwasungira malo ndi chipewa.

Kenako zinthu zinasintha. Mzime anaimba foni ali wosangalala zedi. Anati masiku ano msonkho ukutheka kulipira pa foni, ndipo iye walipira kale wonse, risiti yabwera yokha.

"Pumulani tsopano, achemwali. Mwavutika mokwanira pa mizere ija."

"Wachita bwino, Mzime," anatero.

Madzulo ake anatulukira kwathu popanda chifukwa. Anazungulira nyumba, kugogoda makoma, kutsegula mpopi ndi kutseka, koma sanapeze cholakwika. Mkazi wanga anawapatsa mpando ndi tiyi. Anamwa pang'ono n'kunena kuti, "Mwana uja wandichotsa ntchito." Anaseka, koma kuseka kwake kunathera pamano.

Sabata yomwe ankapitira ku msonkho itakwana, anadzuka m'mawa n'kuvala suti yobiriwira ija. Iwo amati miyendo inangowatenga. Atafika anapeza khonde lili pululu, benchi ili ndi anthu ochepa achilendo. Kumapeto kwake kunali a Dalaivala, chipewa chili pambali pawo, m'manja mulibe envulopu.

Mlonda wa pakhomo anawayandikira ndi timapepala ta manambala. "Amayi, mwadzera chiyani lero?"

"Ndimafuna ndingofunsa ngati za pa fonizi zimafikadi."

"Zimafika, amayi. Nawonso bambo awo ndawauza zomwezo m'mawa muja, koma sakuchoka."

A Dalaivala anatsokomola, n'kuchotsa chipewa pa benchi. "Nayenso wanga walipira yekha," anatero. "Ndinangoti mwina fani yayamba kugwira ntchito."

Anakhala pa benchipo ngati ana asukulu oyembekezera ahedi. Kenako a Dalaivala anati kutsidya kwa msewu kuli malo a tiyi, ndipo zaka zonsezi akhala akufuna kudziwa ngati tiyi wake ndi wabwino.

Chaka chisanathe awiriwa anakalembetsa ukwati. Mzime anabwera, koyamba patapita zaka zambiri, atanenepa ndiponso tsitsi litayamba kuthawa pamphumi. Atadzaona nyumba yake anayenda chipinda ndi chipinda ngati mlendo, mpaka kundifunsa ine kumene kuli switchi ya pakhonde. Tili pabalaza anatembenukira kwa achemwali ake.

"Nyumbayi mwaisamala ndinu. Ndikufuna ndiilembetse m'dzina lanu, mukhalemo ndi alamu."

M'maganizo mwanga ndinaona kale katundu wanga ali pa lole. Koma a Makiyi anapukusa mutu.

"Iwe, ukufuna unditule mtolo wako mochenjera? Msonkho wa mwini ndinkaunyamula mopepuka chifukwa sunali wanga. Komanso ukataya nyumbayi udzabwereranso chiyani kuno? Isunge, boma lizikukumbutsa kwanu chaka ndi chaka. Ndipo aphunzitsiwa apite kuti ndi ana?"

Aphunzitsiwo ndine. Tsiku limenelo ndinawaperekeza mpaka pa siteji.

Pano amakhala kwa a Dalaivala, ndipo makina aja anawasamutsira pakhonde la kumeneko. Mzime komanso mwana wa a Dalaivala uja, amene ali m'mayiko osiyana, anasanduka malume ndi mphwake. Akuti amaimbirana kawirikawiri, kufunsana za masiku otsekera msonkho ndi kudandaulirana za makolo osamva.

Loweruka lapitali anabwera onse awiri kudzachotsa masamba m'ngalande za padenga, mvula isanayambe. A Dalaivala anakwera makwerero, a Makiyi atagwira pansi.

"Bambo, tsikani, msinkhu wanu si wokwera pamenepo."

"Amayi, ine ndayendetsa basi m'mapiri."

"Basi inali ndi mabuleki. Tsikani, akwere aphunzitsi."

Ndinavula nsapato n'kukwera, iwo awiri n'kukhala pamthunzi kumandiuza pomwe ndasiya masamba.