Matope Ofiira pa Kasinja wa Ajeremani

Anthu a kutchalitchi kwathu ku Indianapolis anatopa nane kalekale. Mzimayi wamkulu, namwino wathunthu, kumakhala pathebulo Loweruka lonse n'kumamata tizidutswa ta pulasitiki kuti patuluke kasinja wa nkhondo wokwana m'dzanja! Alekeni alankhule. Bambo anga anali dalaivala wa lole, ndipo ine ndinakula ndikuwapatsira masipanala ali chigonere kunsi kwa galimoto. Chitsulo choyenda ndimachikonda, ndipo sindipepesa kwa munthu.

Ntchito imeneyi imayendera zithunzi. Ndili ndi mabuku a zithunzi za akasinja a Ajeremani, zojambulidwa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Eni akasinjawo sindiwasirira, zoipa zimene anachita ndikuzidziwa. Ine ndimayang'ana pamene penti yasupuka, ndowa yokolekedwa kumbuyo, tcheni cha kumawilo chimene chakhwepa. Vuto lake zithunzizo n'zakuda ndi zoyera basi. Mtundu wa chinthu umachita kuganiza wekha.

Chithunzi china chinali cha kasinja wotitimira m'matope ku Russia, asilikali ataima pambali manja ali m'chiuno. Ndinaseka ndekhandekha. Ndi mmene bambo ankaimira lole ikatitimira nthawi ya dzinja. Kasinja ameneyo ndinamupanga miyezi itatu. Matope ndinasakaniza ndekha, penti ndi pulasitala, n'kuwapaka mmene enieni amakhalira: ambiri ndi onyowa pakati pa mawilo, ouma ndi ong'aluka pamwamba.

Ndinapita naye ku mpikisano wa opanga tiakasinja totere ku South Bend, pamodzi ndi chithunzi chija, amuna anga akuyendetsa galimoto. Woweruza anali mzungu wachikulire wa tochi ndi galasi lokulitsira zinthu. Anawerama nthawi yaitali, kenaka anandiuza m'Chingerezi kuti sanaonepo matope okhala bwino chonchi.

"Koma afiira chifukwa chiyani?" anafunsa. "Kumene anajambula chithunzi chanuchi dothi lake ndi lakuda."

Chiyambire sindinaganizepo zoti matope angakhale a mtundu wina. Kumudzi kwathu kumene ndinakulira dothi lake ndi katondo. Mvula ikagwa, msewu, mapazi, diresi ya yunifolomu, zonse zimafiira.

"Mukapakenso penti yakuda," anatero mkuluyo. "Mudzabwere naye ku mpikisano wa ku Indianapolis, mudzapambana."

Manyazi anandigwira, kenaka mtima unabwadamuka. Chimene chinandikwiyitsa kwambiri n'choti munthuyo ankanena zoona.

"Amayi, ingoripentani," anatero amuna anga tikubwerera. "Ndi thirty minutes basi, mukawine. Kapena ndikuodereni penti yake?"

"Inu dziwani zodraiva," ndinawayankha.

Komabe mawa lake masana, kunyumba ku Beech Grove, dera lathu ku Indianapolis, ndinatsegula kabotolo ka penti yakuda n'kuviika burashi. Dzanja linakana. Ndinayang'anitsitsa matope aja, ndipo ndinazindikira kumene ndinawaona komaliza. Ndinatenga foni n'kufufuza chithunzi chimene achimwene anga ananditumizira tsiku loika maliro a bambo. Ine kumaliroko sindinapite. Mapepala anga okhalira kuno anali asanatuluke, ndipo ndikanachoka sindikanaloledwa kubwerera. Pachithunzipo pali mtumbira wa dothi lonyowa ndi mvula, nkhata za maluwa zili pamwamba. Ndinaika foniyo pafupi ndi kasinja. Kufiira kwake kunali kumodzimodzi, ngati ndinachita kukapala komweko.

Ndinalira, ndisabise. Nditatha ndinatsuka burashi n'kutseka kabotolo.

Ku mpikisano wa ku Indianapolis ndinapita naye momwemo. Ndinamuika pathebulo pakati pa akasinja a matope akuda ndi otuwa, buku langa la zithunzi lili lotsegula pambali. Woweruza uja analipo. Anayatsa tochi yake, n'kuizimitsanso.

"Simunasinthe," anatero.

"Sindisintha."

"Ndiye simupambana."

"Ndikudziwa."

Sindinapambanedi. Akasinja amene ndapanga pambuyo pake ndimayamba ndawerenga za dothi la kumaloko, poti kuphunzira sindikana. Koma uyu yekha ali pashelefu pabalaza mmene analili. Kuno ndasintha zambiri: kalankhulidwe, kaphikidwe, ngakhale dzina langa ndimalola kuti alitchule mokhota. Pamanda a bambo anga sindinaponyepo dothi ngakhale chibuluma chimodzi. Langa ndi limeneli, ndipo palibe adzalipake penti yakuda ine ndili moyo.