Khoma Limene Makereta Anapaka Penti

Josaia Naivalu anali munthu wosakhulupirira pepala. Zaka makumi awiri ndi zitatu anazithera m'kanyumba ka m'mbali mwa mtsinje wa Rewa, akusamala kompyuta yakale imene inkamvetsera chipangizo choyezera madzi kumtunda. Madzi akakwera mopyola muyezo, kompyutayo inkaliza lipenga, anthu a midzi yakumunsi n'kunyamula ana ndi nkhumba zawo kuthawira kuphiri. Ntchito yake inali yomweyo basi, koma mayendedwe ake munthu ukanati ndi woyendetsa ndege.

Kuti kompyuta imvane ndi chipangizocho, pamafunika kapulogalamu ka mkhalapakati, kamene amisiri amati dalaivala. Kameneka n'kouma mutu. Uyenera kukauza khomo limene waya walowera, liwiro lolankhulira, ndi manambala awiri oitanira khadi la m'kati mwa kompyuta. Ukaphonya imodzi, zonse zimangoti zii. Poyamba Josaia ankalemba zimenezi m'kope, koma kope loyamba linadyedwa ndi mphemvu, lachiwiri linaola ndi chinyezi. Ndiye anatenga pensulo ya kalipentala n'kuyamba kulemba pakhoma, kuseri kwa tebulo.

Sankalemba zotheka zokha ayi. Ankalembanso zimene wayesa n'kulephera, tsiku lake, ndi kenakake kamene kamuchitikira tsikulo, poti iye ankati nambala yopanda nkhani sikhazikika m'mutu. Anzake pomwa kava, chakumwa cha pamacheza kumeneko, sankamusiya.

"Iwe Josaia, ukadzafa tidzagumula khoma lija tikakuike nalo. Mwina kumwamba adzakufunsa manambala."

"Sekani," ankatero iye. "Tsiku lina mudzagona pouma chifukwa cha khomalo."

Atatsala mwezi umodzi kuti apume pa ntchito, anapita kumzinda wa Suva masiku atatu kukapimitsa maso. Amayi a mpingo, motsogozedwa ndi mkazi wake Makereta, anaona kuti munthu wotere sangatsanzike m'kanyumba kothimbirira. Anazula mawaya, anatulutsa kompyuta pakhonde, n'kupaka makoma onse penti yobiriwira, kawiri konse kuti ioneke bwino. Sankadziwa kuti kabatire ka m'kati kanafa kalekale, ndiye kompyuta itangozima inaiwala zonse zimene inauzidwa.

Josaia pobwera anapeza nkhata ya maluwa, nyimbo, ndi khoma losalala. Mtima unamusweka, koma mphatso saikwiyira. Anawerama, anaomba m'manja, anathokoza bwinobwino. Uku kumapiri mitambo ya Novembala inali itayamba kuda.

Khomo ndi liwiro anazikumbukira. Manambala awiri aja ndiwo anamuthawa, ndipo zolemba za pakhadi zinali zitadyeka ndi dzimbiri. Choipa china, chipangizo cha kumtunda chinkalankhula kamodzi pa ola, ndiye kuyesa kulikonse kunkadya ola lathunthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde, koma mvula siidikira munthu. Masiku awiri anayesa manambala onse ozolowereka, lipenga lili gone, ndipo mantha anamugwira poganiza za midzi yakumunsi.

Tsiku lachitatu masana Makereta anabwera ndi chinangwa ndi nsomba za mumkaka wa kokonati. Anapeza mwamuna wake akupalapala penti ndi mpeni, pensulo n'kumachoka limodzi ndi pentiyo.

"Bambo a Salote, mukuwononga ntchito yathu bwanji?"

"Ntchito yanu yadya yanga, mayi a Salote. Manambala oitanira khadi ali pansi apa."

Makereta anaika mbale patebulo n'kuima duu, akuyang'ana khomalo.

"Kodi ndi aja a m'munsi, pafupi ndi soketi? Amene munawazunguliza kawiri?"

Josaia anatembenuka, kukamwa yasa. "Munawerenga?"

"Nanga munthu angapake penti atatsinzina? Khoma lonseli ndapaka ndekha, anzanga ndinawapatsa enawo. Zaka zonsezi ndinkati mumalemba masamu. Kuwerenga, ndikupeza dzina langa paliponse. Makereta wabweretsa chakudya, chazizira. Makereta wakwiya, ndipo akulondola. Munthu wosalankhula kunyumba, koma kumacheza ndi khoma!"

"Manambalawo, chonde."

"340 ndi 7. Mzere umenewo ndinaupaka pomaliza, dzanja limakana." Apa mawu ake anatsika. "Pambali pake munalemba kuti: Zatheka. Makereta wabereka mwana wamkazi m'mawa uno, ine kulibe. Sindikudziwa kuti ndikamuyang'ana bwanji."

Josaia anagwidwa ndi manyazi ngati kuti zachitika dzulo. Tsiku limenelo kunali chimvula, lipenga linali latsopano ndipo linkakana kulira, iye n'kusankha kutsala m'kanyumbamo. Atafika kuchipatala anangonyamula khandalo, Salote, osanena kanthu, ndipo Makereta anakhala zaka zonsezi akuganiza kuti nkhaniyo siinamukhudze n'komwe.

Analowetsa manambalawo m'kompyuta. Kenako anakhala pabenchi awiriwo, mbale pakati, kudikira kuti ola likwane. Mvula inayamba kuwaza pamalata. Nthawi itakwana, pagalasi la kompyuta panatuluka nambala yamadzi, mamita awiri ndi theka, ndipo Josaia anapumira m'mwamba.

Anasolola pensulo kukhutu n'kuyandikira khoma lobiriwira lija, koma anaima kaye, akuyang'ana mkazi wake ngati wopempha chilolezo.

"Lembani manambala anuwo," anatero Makereta akuvundukula mbale. "Zinazo muzindiuza pakamwa, ine ndili pompano."