Makwerero a Bulugamu Analumaza Alamu Anga

Inu owerenga, pamene ndinalembedwa ntchito yoyang'anira kamangidwe ka likulu la bungwe lina la mayiko ambiri ku City Centre, ndinkati banja lathu lapulumuka. Sindinadziwe kuti ndikuitana tsoka limene mpaka lero silinachoke pakhomo.

Munali m'zaka za m'ma 2000, ndikukhala ku Area 25. Udindo wanga unali woonetsetsa kuti kontirakitala akumanga moyenera, komanso kuti asawononge ndalama zoposa zimene mabwana akunja analamula. Nditangoyamba, mlongo wanga wa ku Kawale anandichonderera kuti ndiwapezere malo amuna ake, a Phiri, mmisiri wa pulasitala. Ndinawapezera, iye n'kundithokoza chogwada.

Nyumba itafika pansanjika yachitatu, simenti ndi dizilo zinakwera mtengo. Mabwana anabwera pa ndege nkhope zili gwaa, nati tichepetse paliponse pamene tingathe. Koma matailosi a mu ofesi ya mkulu wawo anakana kuti tiwakhudze. Kontirakitala ndiye anati m'malo mobwereka makwerero achitsulo oimapo amisiri, akhoma a mitengo ya bulugamu. Ndinadandaula kuti mitengoyo inavumbidwa dzinja lonse, koma anandifunsa ngati ndinali ndi nzeru ina. Ndinangovomera. Pamsonkhano wotsatira mabwana anandiombera m'manja.

Tsiku lina m'mawa mtengo umodzi unathyoka. Alamu anagwa chidebe cha matope chili m'manja, msana n'kuduka. Pofufuza, kontirakitala anati woyang'anira anavomereza, mabwana nati palibe anawachenjeza. Amene anachotsedwa ntchito ndine.

Likululo linatha, magalasi ali nyezinyezi. Alamu ali gone m'chipinda ku Kawale, amachita kuwatembenuza ngati khanda. Mlongo wanga amagulitsa tomato m'mbali mwa msewu, ana anasiya sukulu. Ndikapitako, alamu amandilandira mwaulemu, ndipo ulemuwo ndi umene umandilasa mtima. Ulendo wina anandiuza kuti, "Alamu, musadzivutitse. Inenso mitengoyo ndinaiona, koma ndikanakana kukwera, ana akanadya chiyani?"

Inu amene mwapatsidwa udindo woyang'anira ntchito, akakuuzani kuti muchepetse mtengo, yambani mwafunsa kuti adzapondepo ndani. Ngati chinthucho chinyamula moyo wa munthu, kanani mokweza, ngakhale mabwana akwiye. Ine ndinaopa kuchotsedwa ntchito, ndinachotsedwabe, ndipo alamu sadzayendanso.