Aneba Omwetsa Tomato Mchere

Aneba athu ndi katswiri wa zomera wopuma pa ntchito, koma tomato wa pakhonde pawo sadziwa mpumulo. Tomatoyo ali m'zitini makumi anayi, ndipo m'mawa uliwonse amamuthirira madzi amchere. Amati m'chomera chilichonse muli majini, timalangizo tachibadwa, ena ogona, ena odzuka. Iwo akusaka tomato amene majini ake amadzuka mchere ukafika kumizu n'kuutsekera kunja. Wina akafota, iwo amasangalala. "Mlesi uyu, wadziulula yekha," amatero.

Chaka chino anagonekedwa m'chipatala mwezi ndi theka. Ntchito yothirira anandisiyira ine, pamodzi ndi supuni yoyezera mchere. Nditaona masamba akupiringizika, chisoni chinandigwira, ndipo ndinayamba kuthirira madzi apampopi okhaokha.

Atatuluka anapeza khonde lonse lili biriwiri, tomato wakupsa ali lendelende. Anagwetsa ndodo, misozi ikulengeza.

"Zaka zisanu ndi zinayi, aneba," anatero. "Majini adzuka onse. Mawa ndikauza anzanga ku yunivesite."

Ndinapirira mpaka nditawaona akusita jekete, kenako ndinaulula zonse.

Anakhala pansi. "Ndiye kuti tomato ameneyu ndi wamba?"

"Ndi wamba, bambo."

Akazi awo, amene ankamvetsera pazenera, anatuluka ndi beseni n'kuyamba kuthyola.

"Pepani, abambo," anatero osatembenuka n'komwe. "Kafukufuku wanu ndamupirira kokwanira. Lero timudya."