Madisiki Amene Anasiya Dzina la Mayi Wamasiye

Mpaka lero ndikamva munthu akunena kuti makina sanama, mtima umandiwira.

Ndinali taipisiti pa ofesi ya sikimu ya mpunga ku Karonga, zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Atatibweretsera kompyuta, ntchito yanga inali kulowetsamo mayina a eni minda kuchokera pamakadi akale. Lachisanu lililonse ndinkakopera zonse pamadisiki, kuti ikadzafa tidzakhale ndi pogwira. Ikamaliza inkaonetsa kukula kwa zimene yakopera, ndipo nambalayo inkafanana ndendende ndi ya zonse zimene zinali m'kati mwake. Bwana atakhutira analamula kuti makadi aja awotchedwe, ati ankangodzaza chipinda.

Ndinkachita lendi kwa mayi wina wamasiye. Amuna awo atamwalira, mayiwa anayenda mpaka zidendene kung'aluka kuti munda ulembedwe m'dzina lawo, poti alamu awo anali ataulozera kale. Komiti ya sikimu itavomera, dzinalo ndinalisintha ndi zala zangazi, iwo ataima kumbuyo kwanga.

"Ndaga, mwana wanga," anandithokoza m'Chinkhonde. "Lero nigona tulo."

Mvula yoyamba, mphenzi inapsereza kompyuta ija. Katswiri wochokera ku Lilongwe anabwezeretsa za pamadisiki m'makina ena, n'kupeza kuti zakumapeto kulibe. Kani chinthucho chinkatiwerengera zimene chinayenera kukopera, osati zimene chakoperadi. Disiki ikadzaza chinkangosiya, n'kulemba kuti zatheka. Bodza lopanda ndi manyazi omwe! Zonse zimene tinasintha miyezi imeneyo zinasowa, ndipo pamunda uja panabwerera dzina la malemu.

Alamu aja sanachedwe kufika ku ofesi kudzatenga mundawo. Ine ndinauza bwana kuti ndine mboni, dzinalo ndinalisintha ndekha. Anandifunsa motsitsa mawu ngati ndikutanthauza kuti makina a boma amanama. Funso lotero masiku amenewo linkasowetsa anthu. Ndinati inde, awa anama. Mwezi usanathe anandisamutsira kosungira feteleza, ndipo umboni wanga palibe anaulemba paliponse.

Nthawi yookera ndinadutsa kusikimu. Ndinawapeza mayi aja ali m'matope mpaka m'mawondo, m'munda womwe uja, akuokera mbande paganyu kwa alamu awo. Ndinaima pamzere ndi ukali, ndilibe woti ndimutukwane. Madzulo anabwera ndi kambale ka mpunga kamene alamuwo anawalipira. Unali mpunga wa m'munda mwawo momwe, ndipo anandigawirako.