Kompyuta Yakana Abson Wachiwiri

Chipasha sankadziwa kukhala pansi. Ngakhale mu minibasi yochoka ku Lusaka m'mawa uliwonse, bondo lake linkanjenjemera mpaka ku Chongwe, kumene bungwe la alimi losunga ndi kubwereketsa ndalama lidamlemba ntchito mu 1997 kuti aphunzitse kompyuta malamulo.

Malamulowo adabwera kuchoka ku ofesi ina ya ku Lusaka, masamba makumi anayi, chidindo patsamba lililonse ngati kuti tsamba lopanda chidindo likhoza kuthawa. Chipasha adaona kuti lamulo la papepala limafewa wapampando akatsokomola. Ndiye adawalukira m'kati mwenimweni mwa pulogalamu: dzina ndi nambala ya reji, chitupa cha boma chija, zikapanda kugwirizana, ndalama sizituluka. Mwini ndalama akamwalira, pafunika pepala la kukhoti. Khomo lakuseri sadasiye, ngakhale lake lomwe.

Mu Novembala, mitambo itayamba kusonkhana, kudafika bambo wa ku Nkomeshya panjinga, akufuna ndalama za feteleza.

"Dzina?" adafunsa Tryness, kalaliki.

"Abson Mwaanga."

Kompyuta idalira, nkukana. Chipasha adatenga reji, nkuitembenuza kawiri.

"Ba tata, apa palembedwa Rodgers."

"Uyo ninali ine kudala. Amalume, ba Abson, anamwalira mu Ogasiti, banja linanipasa dzina lao. Munda ni wanga, ana ni anga, ngakhale mbuzi zinizindikira."

"Ni zoona, ba Chipasha," adatero Tryness. "Ninaliko pamaliro. Nichifukwa sininalembe kuti anafa. Ba Abson si aba?"

"Manje makina yanu yafuna nikafukule amalume abwere asaine?" adafunsa bamboyo.

Chipasha adazungulira tebulo kanayi. Usiku sadagone. M'mawa adathamangira ku ofesi ya ku Lusaka ija, komwe bwana wa malamulo adamvetsera mwachifundo, nkunena kuti fomu ilibe malo a munthu amene wamwalira koma akadalipo. Adathamangira kukhoti la ku Chongwe; kumeneko adati pabwere abale atatu ndi kalata ya maliro. M'bale mmodzi adali ku Kanakantapa, wina ku Palabana, wachitatu sankalankhulana ndi awiriwo. Chipasha adabwereka njinga ya Abson yemweyo nkuwasaka mmodzimmodzi, thalauza la ofesi atalipinda m'masokosi. Mvula idagwa. Anthu adabzala. Idagwanso.

Pepala lidatuluka mu Januwale, chimanga cha ena chikufika m'chiuno. Cha Abson chidali chachikasu, chowonda ngati anyezi. Kompyuta idalandira nambala ya pepalalo mwaulemu, nkutulutsa ndalama zonse m'kamphindi.

"Zikomo," adatero Abson. "Muiuze kuti nizadya feteleza."

Sabata yomweyo oyendera a ku Lusaka adalemba kuti pulogalamu ya Chipasha ndi chitsanzo chabwino, poti palibe lamulo ngakhale limodzi limene lidaphwanyidwa.

Chipasha sadachotse lamulo lililonse. Adangowonjezera mzere watsopano wa wolowa dzina, wokhala ndi malo a nambala ya pepala la kukhoti. Kuchokera apo, akangomva kuti membala wamwalira, ankafika pamaliro, nkupepesa bwinobwino, kenaka nkukokera mkulu wa banja kuseri kwa nkhokwe.

"Dzina mupase amene mufuna," ankanong'oneza, akutulutsa fomu m'jekete. "Koma kukhoti tiyende Lolemba, mvula ikalibe kubwera."