Khofi wa Amalume Arcesio Afika ku Bogotá

Amalume Arcesio Trujillo, mlongo wawo wa amayi anga, anabadwira m'chipululu cha Tatacoa, kumene dothi ndi lofiira, long'ambikang'ambika, ndipo zokula bwino ndi minga ndi mbuzi basi. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anakwera lole yopita kumapiri a Pitalito, n'kusiyira mkulu wawo Ovidio khola lonse.

Kwa zaka zoposa makumi awiri ntchito yawo inali yothyola khofi m'minda ya eni. Khofi akatha kuno, ankabereka chikwama n'kulondola kumene wapsa: ku Quindío, ku Caldas, ku Tolima, kenako n'kubwereranso. M'chikwamamo munkakhala malaya awiri, jombo, kawailesi ndi pepala la pulasitiki lofunda pa mvula.

Amene anawakhazika pansi ndi mayi Nubia, omwe ankaphikira othyola khofi pa famu ina. Atakwatirana anapeza kamunda ku Pitalito, pamalo otsetsereka kwambiri, moti pothyola dzanja lina limagwira mtengo kuti munthu asagubuduke. Anabereka mwana mmodzi, Yurani, amene atakula anapeza ntchito ku Bogotá yolawa khofi pa kampani ina yogula ndi kukazinga. Amalume ntchitoyi sankaimvetsa.

"Ndiye amakulemba ntchito yoti uzimwa n'kulavula?" ankamufunsa pa foni.

Mayi Nubia anamwalira mwadzidzidzi khofi atangoyamba kupsa. Amalume anathyola okha, kutsuka okha, kuyanika okha. Patapita miyezi inayi ndinawapeza pakhonde akusankha khofi wouma mmodzimmodzi, chikwama chakale chija chili pambali.

"Ulendo wa kuti, amalume?"

"Ndikamuone wolavula uja. Akandiuze ngati ndimalima khofi kapena zinyalala."

Basi ya ku Bogotá imadutsa ku Neiva. Iwo anatsika pomwepo, nakwera kagalimoto ka ku Villavieja, n'kulowa m'chipululu wapansi dzuwa lili paliwombo. Panali patatha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi asanaonane ndi a Ovidio. Bambo awo atamwalira, uthenga unawapeza amalume ku Caldas khofi ali pachimake, ndipo sanapite kumaliro. A Ovidio sanaiwale.

Amalume anawapeza a Ovidio atamanga chisakasa chachikulu, m'kati mwake atapachika machira ogonamo alendo. Azungu achinyamata anali gonegone, zikwama zawo zazikulu ngati matumba a chimanga zili pansi. A Ovidio anayang'ana mng'ono wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Malo alipo, koma ndi a anthu ochokera kutali."

"Ku Pitalito si pafupi, achimwene."

"Wakalamba."

"Inu ndiye mwachita kuonjeza."

A Ovidio anatunga madzi m'mbiya n'kuwapatsa. Atamwa, mkuluyo anati, "Za mlamu ndinamva. Sindinabwere."

"Ndinaona."

"Ndiye tafanana."

Nkhaniyo inathera pomwepo. M'mawa mwake anaperekezana kumanda a bambo awo, nazula zitsamba, n'kubwerako. Amalume anakhalako masiku atatu akukama mbuzi, ndipo amati manja awo anali asanaiwale.

Ku Bogotá anafika kukuwaza mvula, kukuzizira. Yurani anawalandira pa siteshoni, nawagulira juzi asanafike n'kunyumba komwe. Tsiku lotsatira anapita nawo kuntchito. Yurani anakazinga khofi amene amalume anabwera naye, napera, n'kumuthira m'makapu opanda dzina pakati pa makapu a alimi ena. Iye ndi anzake awiri ankazungulira tebulo ndi masupuni, kufwenkha, kupsontha, kulavula, n'kulemba. Amalume anaima pakona, chipewa chili m'manja.

Atamaliza, Yurani anabwera ndi kapu imodzi.

"Bambo, ndinene zoona?"

"Ndayendera zimenezo."

"Mbewu ndi yabwino, ndipo munathyola wakupsa yekhayekha. Pamenepo palibe angakuposeni. Koma munayanika pansi, ndipo munamulonga m'thumba asanaumitsitse. Akumveka nkhungu."

Amalume anayang'ana m'kapumo.

"Ankayanika ndi amayi ako. Ine ndinkangoona ali pa dzuwa, ndimayesa amauma yekha."

Yurani anawapatsa supuni kuti alawe khofi wawo, kenako wa mlimi wina wa ku Nariño amene anapambana tsikulo. Moyo wawo wonse amalume ankamwa khofi wotsalira, wakuda bii, wowiritsa ndi shuga wa nzimbe. Analawa wa ku Nariño uja n'kukwinya nkhope.

"Uyu ndiye wowawasa."

"Wabwino amatero, bambo."

"Mulibe kashuga muno?"

Anzake a Yurani anaseka, ndipo mmodzi anakatengadi shuga kukhitchini.

Mumzindamo anakhala masiku asanu. Anati anthu ake amayenda ngati akuthawa njuchi, ndipo mpweya ndi wosakwana. Chomwe anachikonda ndi msuzi wa nkhuku ndi mbatata umene ankadya pamsika. Tsiku lonyamuka, Yurani anawajambulira papepala thandala loyanikira khofi, lokwera kufika m'chiuno, la denga la pulasitiki, nalemba kuti azitembenuza kangati pa tsiku ndiponso momwe angadziwire kuti wauma.

Thandalalo tinalimanga awiri, ine ndi amalume, ndi nsungwi za kumtsinje. Chaka choyamba khofi anakanidwanso, chifukwa ankaiwala kutembenuza akatanganidwa kumunda. Chaka chachiwiri anadutsa, ndipo kampani ija inatenga matumba anayi.

Pano ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu. Pa Khirisimasi a Ovidio anabwera kudzacheza, nadandaula za matope ndi kuzizira, n'kubwerera patatha masiku awiri. Amalume afesa mbande zina mazana awiri kuseri kwa nyumba, ndipo akuti aziwoka mvula ya Okutobala ikayamba, maondo akalola.